Kuthamanga m'mamawa nyengo ya chisanu: yankho kwa wowerenga wa ku Nchalo

Wowerenga wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo yofunsa ngati kuli bwino kupitiriza kuthamanga m'mamawa m'miyezi ya June ndi July, popeza abale ake akumuopseza kuti mphepo idzamudwalitsa chibayo. Akufunanso kudziwa ngati angayesere mpikisano wa Porters Race, umene umachitika pa phiri la Mulanje mu July.

Achimwene, pitirizani kuthamanga. Chimfine ndi chibayo zimabwera ndi tizilombo, osati mphepo payokha, ngakhale kuti mpweya wozizira umadzutsa mphumu mwa amene ali nayo kale, ndipo oterewa ayambe aonana ndi achipatala. Kunena zoona, chimene ife a kuchigwa timachitcha chisanu anzathu a ku Dedza angachiseke, chifukwa Nchalo ili pansi kwambiri, mamita osafika 100 pamwamba pa nyanja yamchere.

Chimene chimapweteka othamanga kuno ndi kuvala mopitirira muyeso. Munthu amadzuka akunjenjemera, n'kuvala juzi yochindikala pamwamba pa malaya a thonje, koma asanafike patali thukuta limakhala litanyowetsa zonse, ndipo thonje likanyowa limamatirira pakhungu n'kumakoka kutentha kwa thupi. Tulukani m'nyumba mukumvabe kachisanu pang'ono, mutavala jezi yampira yopepuka, ngati zija zimapezeka pa kaunjika, chifukwa imauma msanga. Yambani ndi kuyenda ndawala kuti minofu itenthe. Mukamaliza, musaime pamsika n'kumacheza malaya ali chinyowere. Pitani mukasinthe, ndipo mumwe madzi ngakhale ludzu lisakumveka. Sankhaninso chovala chowala, pakuti kumakhala kusanayere bwino, akabaza ambiri alibe magetsi, ndipo ino ndi nyengo imene magalimoto onyamula nzimbe amadzaza msewu.

Za Mulanje ndi nkhani ina, ndipo apa ndikuchenjezani mosabisa. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndipo chiperoni chikagwa pamwamba pa phirilo pamakhala nkhungu, mvula yamawawa ndi miyala yoterera. Wotopa amene wanyowa n'kuima pamphepo yotere ali pangozi: kutentha kwa thupi lake kukatsika n'kufika pansi pa madigiri 35 amanjenjemera kwambiri, amalankhula mosamveka ndipo amayamba kusokonezeka, kotero kuti iye mwini sazindikira kuti zinthu zavuta. Kajekete kotchinga mphepo kopindika m'chiuno sikolemera.

Misewu yosalala ya m'minda ya nzimbe siingakukonzekeretseni chitunda cha ku Likhubula, kumene mpikisanowu umayambira. Ngati mwatsimikizadi, muzipita ku Thabwa kukakwera zitunda za msewu wa ku Blantyre, mukuthamangira mbali yoyang'anana ndi magalimoto, ndipo muphunzirenso kutsetsereka, chifukwa mawondo a munthu wozolowera chigwa amagonja potsika.