Za mankhwala osakaniza m'madeya a ng'ombe

Achimwene ena a ku Thyolo omwe ali ndi ng'ombe ziwiri zamkaka anditumizira imelo, akufunsa ngati pali mankhwala othira m'madeya oti ng'ombe zichepetse methane (mpweya womwe umaonjezera kutentha kwa dziko) komanso mkaka uchuluke. Achimwene, funso lanuli landigunda pamtima chifukwa kwathu tinatayapo ng'ombe ndi zothirathira zomwezi.

Bambo anga anamva kwa munthu wina pamsika kuti feteleza wa yuliya amanenepetsa ng'ombe, iwo nkuthira m'madeya osayeza, madzulo omwewo ng'ombe yomwe imatilipirira fizi inatupa mimba, kunjenjemera, nkugwa m'khola ife tikuona. Yuliyayo imagwiradi ntchito koma ndi muyezo komanso mozoloweretsa, ikachuluka poizoni wochokera ku yuliyayo wotchedwa ammonia amalowa m'magazi basi zatha. Mpaka lero munthu akati "ingothirani" ine mtima umandiwawa.

Methane wambiri ng'ombe imachita kugeya. M'chifu chachikulu chija muli tizilombo tomwe timawoletsa udzu, pamenepo pamatuluka mpweya wa hydrogen, ndiye tizilombo tina timamuphatikiza ndi carbon dioxide nkukhala methane. Chondipweteka ndichakuti mphamvu ya chakudya yapakati pa 2 ndi 12 pa 100 iliyonse imathera m'mwamba choncho, nsenjere yomwe mayi aisenza pamutu kuchokera kudambo!

Mankhwala alipodi. Bovaer, yomwe European Union inavomereza mu 2022, imatsekereza enzyme yomwe tizilombo tija timapangira methane ndipo pa ng'ombe zamkaka imachepetsa pafupifupi 30 pa 100, koma mphamvu yake imatha pakangopita maola, ng'ombe iyenera kumaidya tsiku ndi tsiku, komanso sikuti mkaka umachuluka nayo ayi. Ku Australia akulima ndere zofiira zam'nyanja zotchedwa Asparagopsis, mphamvu yake ndi mankhwala a bromoform omwe ali m'nderemo. Palinso monensin, koma imeneyo bulu kapena kavalo akadya amafa. Ine ndikunena mosabisa, zinthu zimenezi anapangira mafamu osakaniza chakudya ndi mashini, ndipo wokugulitsani ufa wopanda dzina m'kajumbo akuti ndi wa methane mumuthawe.

Nanga inu mutani?

Dulani nsenjere isanakhwime, yokhwima imachedwa kugayika. Onjezani masamba a lukina, ali ndi mapuloteni komanso ma tannin omwe amachepetsako methane, koma asapose gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse chifukwa akachuluka ubweya umayoyoka. Za yuliya musayambe nokha alangizi a ziweto asanabwere kukhola kwanuko.