Yankho kwa achimwene ofuna kutsitsa Datsun 240Z ndi makoyilova opanga okha

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza Datsun 240Z ya 1972 yomwe inakhala zaka zambiri m'galaja ku Blantyre, mukufuna ikhale chapansiko, ndalama yogulira makoyilova opanga kale (mashoko okhala ndi sipuling'i pa mazinga okwezera ndi kutsitsira galimoto) palibe, ndiye mukufunsa ngati mungapange anu oti muzikweza ndi kutsitsa. Zimatheka ndithu, eni galimoto zimenezi akhala akuchita kwa zaka zambiri. Koma ndiyambe ndi malangizo amene ena akupatsani, oti mungodula masipuling'i ndi galaindala kapena kuwawotcha ndi gasi kuti afwafwale. Chonde musatero.

Ine ndinadulapo masipuling'i pa galimoto yanga yoyamba. Itaima pabwalo inkaoneka bwino kwambiri. Tsiku lachitatu ndinakwera hampu pang'onopang'ono, koma ndinamva kuti gu! pansi pa boneti, ngati wina wamenya chitsulo ndi nyundo. Mwezi usanathe shoko yakumanzere inayamba kukha mafuta, ndipo penti ya pamene shoko imamangidwa ku bodi inali itachita ming'alu. Chinachitika n'chiyani? Shoko ili ndi mtunda wake umene imayenda ikamalowa ndi kutuluka. Mukafupikitsa sipuling'i yokha, chubu cha shoko n'kukhala chachitali momwemo, galimoto imakakhala pafupi ndi kalabala koletsa kaja kotchedwa bump stop. Mtunda woti tayala likwere nawo mwaudya kale galimoto isanayende n'komwe. Dzenje lililonse mphamvu yake imapita molunjika ku bodi, ndipo bodi imene tikunena pano yapitirira zaka 50. Za gasi zokha ndiye zoipiratu, chifukwa moto umapha kulimba kwa chitsulo cha sipuling'i, imapitiriza kufwafwala mosafanana mpaka tsiku lina kuthyoka.

Ntchito yeniyeni ndi imeneyi: kutsitsa galimoto koma shoko n'kutsala ndi mtunda wake woyenda. Mazinga okwezera ndi kutsitsira aja ndi mbali yosavuta.

Mwayi wanu ndi wakuti 240Z inapangidwa mokulolani. Kutsogolo ili ndi MacPherson strut, kumbuyo Chapman strut, ndipo konse kunayi shoko imalowa m'chubu chachitsulo n'kutsekedwa ndi nati yaikulu pamwamba. Mukamasula natiyo, zam'kati zimatuluka, chubu n'kutsala chopanda kanthu. Njira yake ndi kudula mbale imene sipuling'i imakhalira, kuchotsa chidutswa cha chubu cha mamilimita 40 kapena 50, kulumikizanso, n'kuikamo shoko yaifupi. Ambiri kutsogolo amaikamo shoko yakumbuyo ya Toyota MR2 yoyamba ija, AW11, pomwe kumbuyo amaikamo yakutsogolo ya 240Z yomweyo. Gulani kaye mashoko, muwagwire m'manja ndi kuwayeza, kenako mudule chubu motsatira iwowo. Musadule potengera nambala ya munthu wina, ngakhale yangayi. Onetsetsaninso kuti machubu anu ndi a 240Z enieni, poti a 280Z ndi okulirapo ndipo galimoto zakalezi zimadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Ngati mungapeze machubu ena akale oti mudule, teroni, anu oyambirira muwasunge pa shelefu. Galimoto imeneyi ndi yosowa, ndipo chubu chake n'cholumikizana ndi pamene pamakhala habu, chitsulo chomangirapo tayala, ndiye chikawonongeka mwataya zonse.

Pa kuwotcherera ndikhalitsepo, chifukwa moyo wanu uli pamenepa. Tsukani mafuta onse m'chubu musanayandikize moto. Kulungani pepala lowongoka mozungulira chubu kuti mzere wodula ukhale wolunjika, ndipo lembani mzere wina wotsika nacho kuti zidutswa zikabwererane mmene zinalili. M'mphepete mwa zidutswazo mupalepale ndi galaindala kuti pakhale kamkwasa kolowamo moto. Zigonekeni mu angle iron, chitsulo chooneka ngati L, muzimange zolimba, mudonthezere malo anayi okha, kenako mulowetse shoko muone ngati ikutsetsereka yokha mpaka pansi. Ikagwira penapake, ndiye kuti chubu chapindika. Dulani madonthowo muyambirenso. Ikalowa bwino, itulutseni, chifukwa shoko ya gasi siyenera kuyandikira moto. Muwotcherere pang'onopang'ono, mbali iyi kenako mbali yoyang'anana nayo, kudikira kuti kuzizire. Ntchito imeneyi ipatseni wowotcherera amene ali ndi makina a TIG kapena MIG ndipo anazolowera mapaipi. Luso lopanga mageti ndi mabagala bala ndi lina, ili ndi linanso. Musachite naye manyazi, mupempheni ayambe walumikiza chidutswa chimene mwachotsa chija ndi chinzake, muchimenye ndi nyundo muone.

Shoko ikalowa, nati yapamwamba iyenera kuipanikiza isanafike kumapeto kwa mazinga ake. Ikamagwedera, ikani kachitsulo pansi pake m'chubumo.

Tsopano zokwezera. Pamafunika chubu cha aluminiyamu chokhala ndi mazinga kunja, nati yake yaikulu imene sipuling'i imakhalira, ndi mphete yachitsulo imene mumawotcherera pa chubu cha shoko kuti chamazingacho chitsamirepo. Mpheteyo munthu wa lathe, makina osemera zitsulo, akhoza kukupangirani. Koma chamazinga ndi masipuling'i, maganizo anga ndi akuti mugule. Masipuling'i a mainchesi 2.5 m'kati, omwe ndi mamilimita 63.5, amapezeka m'mashopu a zamipikisano ya galimoto ku Johannesburg, ndipo amalembedwa kulimba kwake. Sipuling'i yotola pa sikirapu simudziwa kuti inapangidwira kulemera kotani.

Kulimbako tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yanu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,050. Mukagawa panayi n'kuchotsa tayala, habu ndi mabuleki, sipuling'i iliyonse imanyamula makilogalamu 230 kapena kuyandikira apo. Sipuling'i ya makilogalamu 3 pa milimita idzafinyika mamilimita pafupifupi 77 galimoto itangoima. Nambala imeneyi ndi imene imakuuzani poika mphete ija: muwerengere kuti galimoto ikakhala pamene mukufuna, nati ikhale pakati pa mazinga, kuti mukhale ndi mpata wokweza komanso wotsitsa. Ine pa misewu yathuyi ndingakhale pakati pa 3 ndi 3.5, kumbuyo kolimbirako pang'ono. Zoposa apo ndi za pabwalo la mpikisano, pa msewu wa maenje zidzakugwedezani mano ndi kumasula bodi. Mukaikweza pa jeki, gwirani sipuling'i muone ngati ikugwedera. Ikatero pamafunika kasipuling'i kofewa kothandizira, apo ayi tsiku lina tayala likadzalendewera pa hampu idzachoka pampando pake. Bump stop muikemo ndithu, yaifupi koma ikhalepo.

Mutsitse mochuluka bwanji? Mamilimita 25 mpaka 40 ndi okwanira. Gwadani kutsogolo muyang'ane mkono wapansi umene umagwira tayala. Mbali ya kutayala ikakwera kuposa ya m'kati, mwapitirira: galimoto imayamba kupendekeka kwambiri pakona ngakhale ili pansi, ndipo chiwongolero chimakoka chokha tayala likagunda dzenje. Pali timapuleti ta aluminiyamu timene amaika pakati pa strut (chubu cha shoko chija) ndi mkono wa chiwongolero kuti zibwerere m'malo, tiyitanitseni limodzi ndi masipuling'i. Matayala nawonso adzapendekera m'kati kumwamba, n'kumadyeka mbali imodzi, ndiye alayinimenti ndi yosathawika mukamaliza. Ndiponso kumbukirani kuti ekizosi ndi sampu, mbale ya oyilo pansi pa injini, zikutsika nanu limodzi.

Galimoto imeneyi mbiri yake ku Africa kuno inaipanga pa fumbi ndi matope. Inapambana East African Safari Rally mu 1971 ndi Edgar Herrmann, n'kupambananso mu 1973 ndi Shekhar Mehta. Ndikaiona yakhala bwino, tayala litadzaza malo ake koma likadali ndi poyenda, mtima wanga umakhala m'malo kuposa ikamakwekwereza mimba pansi.

Musanagule kalikonse, chotsani batire muyang'ane pansi pake, mugogode ndi sikuludiraiva zitsulo ziwiri zoyenda pansi pa bodi, pansi poponda mapazi, ndi pamene T/C rod, ndodo yolumikiza mkono wapansi uja ndi bodi, imamangidwa. Dzimbiri la galimoto zimenezi limakonda malo amenewo, ndipo masipuling'i olimba pa bodi yodyeka amangofulumizitsa ming'alu. Pa T/C rod pomwepo musaike mabushi olimba a polyurethane mbali zonse ziwiri, amadziwika kuti amathyoletsa chitsulocho. Pochotsa masipuling'i akale gwiritsani ntchito chofinyira chake, osati waya, ndipo galimoto ikhale pa masitandi, osati pa njerwa.

Posintha msinkhu, ikwezeni kaye pa jeki kuti nati isanyamule katundu, mupake girisi pa mazinga, muyeze kuchokera pakati pa habu kufika pa mlomo wa bodi mbali zonse zinayi, galimoto ili pamalo osalala ndipo mwaikankha patsogolo ndi pambuyo. Mangani ka cable tie pa ndodo ya shoko, muyende makilomita ochepa pa msewu umene mumadutsa tsiku lililonse, mubwere muone pamene kafika. Kakagunda pa bump stop, kwezani. Tiikireni zithunzi za pansi pa batire ndi muyeso wa machubu anu, tione limodzi musanayatse galaindala.