Kumwetulira kwawo kusakupusitseni, achemwali

Achemwali, ndawerenga zanuzi zoti ajenti wakupezerani ntchito yauphunzitsi ku Thailand mpaka tiyi wandizizirira m'manja. Ajenti akuti "zamapepala zonse tikonza ife, inu ingobwerani mudzaphunzitse"? Mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi, ndi amene anandiuza ine mu 2018. Ena akuyankhani kale za kutentha ndi tsabola wa kumeneko. Zimenezo n'zazing'ono, thupi limazolowera.

Ine anandiponya kusukulu ina yapaboma laling'ono kunja kwa Khon Kaen, chigawo chimene amachitcha Isaan. Miyezi yoyamba ndinkaimbira mayi kumudzi n'kumawauza kuti ndapeza abale. Anthu ake amadya mpunga womata, khao niao, ndi manja, kuumba mbamu ndendende ngati nsima n'kususira. Kumsika madzulo kuli ziwala zokazinga ndi nkhululu, kuli nsomba ya pla nin yootcha yopaka mchere imene ukatseka maso umati ndi chambo. Moni wawo ndi "kin khao rue yang", wadya kapena ayi. Nditapita kumaliro oyamba ndinapeza anthu akupereka chipepeso mu envelopu, ndinati ee, kwathu konkuno, kungoti iwo salira mokweza ndipo mtembo amakauwotcha kukachisi. Ndinagona tulo, ndinavula nsapato za mumtima. Apo ndi pamene ndinalakwa.

Malipiro anali 22,000 baht, ndalama ya kumeneko. Mnyamata wina wachizungu amene tinkagawana naye makalasi ankalandira 35,000, chonsecho mapulani a phunziro ankakopera kwa ine. Ine amene ndinaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 mpaka digiri anandilembetsa mayeso a TOEIC kuti ndionetse kuti chilankhulocho ndimachidziwa, pofunika mamalikisi 600. Iye pasipoti yake inamulembera mayesowo. Mawu akuti farang amanena mzungu, ife sitilowamo bwinobwino, ndipo ana ankandisisita pamkono kuti aone ngati kudaku kuchoka. Anawo sindinawasungire kanthu. Za ndalamazo ndinameza, kwa eni kulibe mkuwe.

Ndiye February wa 2019 malipiro osabwera. Ndalama zinkachoka kusukulu kupita kwa ajenti, ajenti n'kudula zake n'kundipatsa zotsala. Kuimba foni, "phrung ni", mawa. Mawa lake, "mai pen rai", palibe vuto. Kusukulu akuti ife tinapereka kale. March wafika pakati, lendi miyezi iwiri, kumudzi akudikira fizi ya mng'ono wanga, ine ndikudya timapaketi ta zakudya ta kusitolo ya 7-Eleven m'mawa ndi madzulo.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Linali Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro, m'chipinda cha aphunzitsi. Mafani akuzungulira, aphunzitsi asanu ndi atatu azungulira tebulo akudya som tam, saladi wawo wa mapapaya osapsa, ana awiri agwada pansi pafupi ndi mayi wamkulu wa dipatimenti ya Chingerezi akuonetsa makope, poti kumeneko mwana sayima pamaso pa mphunzitsi amene wakhala pansi. Ndinalowa n'kufunsa mwaulemu. Mayiyo anamwetulira, akuti ndikhale pansi ndidye kaye. Ndinafunsanso. Anaseka. Achemwali, kuseka kumeneko! Magazi anandikwera kumutu. Ndinamenya tebulo mpaka supuni zinadumpha, ndinamuloza chala, ndinakuwa kuti ndinu akuba nonse, mukundiseka chifukwa ndine wakuda, ndipatseni ndalama zanga lero. Zina ndinazinena m'Chichewa, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti panalibe womva.

Kunagwa bata loti ungamve nyerere ikuyenda. Palibe anandibwezera mawu. Kwathu bwenzi wina atanyamuka n'kunena kuti "iwe usatilalatire", tikanakangana, mawa n'kupepesana nkhani n'kutha. Kumeneko ayi. Ana aja anatuluka chokwawa. Mayi uja nkhope inafiira koma kumwetulira osasiya, maso ali pambale. Mmodzimmodzi ananyamula mbale zawo n'kutuluka. Ndinatsala ndekha ndi mafani.

Patapita nthawi ndi pamene ndinamvetsa kuti kuseka kuja sikunali kundinyoza. Mthai akachita manyazi, akasowa choyankha, akaona kuti zinthu zikuipa, amaseka kuti aziziritse. Mayiyo sankadziwa kumene ndalama zatsakamira ndipo sakanatha kunena kuti "sindikudziwa", kapena kuloza akuluakulu ake. Ine ndinamuchotsa ulemu pamaso pa anzake ndi ana ake, iwo amati sia na, kutaya nkhope. Chimenecho kwa iwo n'chachikulu kuposa kundibera miyezi iwiri. Mpaka lero sindivomereza, koma ndi mmene zilili.

Masabata otsatirawo aliyense ankandipatsa moni bwinobwino, manja pamodzi pachifuwa, kumwetulira konse. Koma nkhomaliro anayamba kukadyera kwina. M'gulu la aphunzitsi la pa LINE, yomwe ili ngati WhatsApp yawo, munangoti zii, kenako ndinazindikira kuti anatsegula lina. Palibe anandiuza kuti ntchito yatha. Tsiku lotsekera ajenti anatumiza mnyamata ndi pepala lolembedwa m'Chithai chokhachokha, akuti sainani apa kuti ndalama zanu zituluke. Ndinasaina. Ndinaona manambala 31 ndi 2562, ndinadziwa kuti 2562 ndi 2019 pa kalendala yawo, poti amawonjezera zaka 543, koma sindinafunse kuti 31 March yo ikutanthauza chiyani. Uchitsiru wanga umenewo, ndikuuvomera.

Pa 9 April ndinapita ku imigireshoni kukaonekera, paja mlendo aliyense wokhalitsa amayenera kunena kumene akukhala masiku 90 aliwonse. Ndinavala bwino, ndinatenga nambala, ndinadikira. Mayi wa pawindo anayang'ana pa kompyuta, anayang'ana ine, anaitana mnzake. Onse awiri akumwetulira. Akuti ntchito yanu inatha pa 31 March, chilolezo chogwirira ntchito anachibweza, ndiye chilolezo chokhalira m'dziko chinathera pomwepo. Mwakhala masiku 9 mosaloledwa. Tsiku lililonse 500 baht, yonse 4,500. Kuti andipatse masiku 7 olongedza katundu, 1,900 ina. Kenako anapezanso kuti fomu ya TM30, imene mwini nyumba amayenera kupereka pasanathe maola 24 mlendo akafika pakhomo pake, sinaperekedwepo. M'chikwama ndinali ndi 700 baht. Miyendo inafooka, ndinakhala pansi penipeni pa matailosi, anthu akundilambalala. Ndinkangoganiza za chitokosi cha imigireshoni ku Bangkok, ndi mayi anga akumva kuti mwana wawo wamangidwa kudziko loti ngakhale basi yopitako kulibe.

Amene anandipulumutsa ndi gogo mwini nyumba, yemwe ndinali naye ngongole ya miyezi iwiri. Chingerezi sankadziwa, ine Chithai changa chinali cha kumsika. Ndinamuimbira ndikulira, anabwera pa njinga yamoto ya mdzukulu wake. Anandiyang'ana, anavula tcheni chagolide m'khosi, anatuma mdzukuluyo kukachipinyolitsa kusitolo ya golide. Analankhula ndi a pawindo aja motsitsa mawu, akuwerama, akuseka nawo, mphindi makumi awiri. Chindapusa cha TM30 analipira yekha, akuti kulakwa kunali kwake. Mawa lake anavala bulauzi yake ya kukachisi, ananyamula dengu la mango, anapita kwa ahedi. Zimene anakambirana sindidziwa. Pasanathe masiku atatu malipiro a mwezi umodzi analowa. Wachiwiriwo mpaka lero.

Ajenti uja, Mulungu amuone. Munthu woti ankanditcha "my sister", anakanditenga yekha ku bwalo la ndege, ankadziwa bwino lomwe kuti pepala lija likundisandutsa wolakwira lamulo tsiku lomwelo. Anangofuna ndichoke mwakachetechete ndalama zanga zitsale m'thumba mwake. Foni anandibuloka. Ndipo aphunzitsi anzanga aja, anthu oti tinkadyera mbale imodzi, onse ankadziwa. Mmodzi yekha kungondinong'oneza kuti pita ku imigireshoni msanga, zikanatheka. Amati ndi kreng jai, kuopa kukhumudwitsa munthu ndi nkhani yoipa. Ine ndimati ndi mantha ovala zovala zabwino. Masiku anga 7 anagweranso mu Songkran, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, 13 mpaka 15 April, dziko lonse likuthirana madzi mumsewu. Ine ndikuthamanga ndi mapepala m'jumbo kusaka tikiti yodzera ku Addis Ababa, ana akundikhuthulira ndowa za madzi oundana n'kundipaka ufa kumaso, akusangalala. Ndinalira osaoneka chifukwa nkhope inali yonyowa kale.

Ndiye mverani. Musakweze mawu, zivute zitani. Mukakwiya mwetulirani, tulukani, kapezeni munthu wachikulire woti akakulankhulireni kumbali, ndi mmene nkhani zimathera kumeneko. Komanso musakhale chete ngati nkhosa, chifukwa kunena zoona ndikanapanda kumenya tebulo lija sindikhulupirira kuti ahedi akanadziwa n'komwe kuti sindikulipidwa. Pepala la m'Chithai musasaine musanalijambule n'kutumizira munthu wosakhudzidwa. Pasipoti isagone m'manja mwa ajenti. Viza ikhale Non-Immigrant B, asakuuzeni kuti bwerani ngati wokaona malo tidzasinthira konkuno, ndipo funsani ngati April amalipira, poti sukulu zimatseka March n'kutsegula pakati pa May ndipo makontrakiti ambiri a maajenti mwezi umenewo mulibe. Mukafuna kutuluka m'dziko gulani kaye re-entry permit, chilolezo choti mudzalowenso, 1,000 baht, apo ayi viza yanu yafa pa chipata. Nyimbo ya fuko ikalira 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo imani. Za mfumu musayankhule, musalembe, musachite nthabwala ngakhale pa Facebook, Section 112, lamulo loletsa kunyoza mfumu, ndi zaka 3 mpaka 15 kundende. Ndipo ngati ajenti wanuyo atchula Mae Sot, tauni ya m'malire ndi Myanmar, kapena ntchitoyo isanduka "ya pa kompyuta" mutafika, thawani. Tsidya la mtsinje ndi Myawaddy ku Myanmar, kumene anthu a ku Kenya ndi Ethiopia anawatsekera m'mipanda n'kumawakakamiza kubera anthu pa intaneti.

Musakhulupirire munthu aliyense. Komabe pezani gogo wanu, mudye naye, mumunyamulire zipatso, chifukwa tsiku loipa ndi yekhayo adzabwere.

Kupita pitani. Ine ndinabwerera mu 2022, sukulu ina ku Udon Thani, popanda ajenti, ndikulemba izi ndili komweko. Tcheni cha gogo ndinachiwombola ndekha. Ponyani kontrakitiyo ku inbox ndiione musanagule tikiti, ndipo mukamabwera munditengereko ufa woyera makilo asanu, kuno sindinaupeze.