Kwa mayi amene mwana wawo akufuna uinjiniya wa magetsi

Mayi, mwati mnyamata wanu wa Giredi 9 amamasula mawailesi ndipo akufuna kudzakhala ngati William Kamkwamba, ndiye mukufunsa poyambira. Yambirani pa maphunziro amene asankhe polowa Giredi 10. Atenge Mathematics ndi Physical Sciences. Musalole kuti apite ku Mathematical Literacy poti ndi yosavuta, chifukwa mayunivesite a Wits ndi UJ kuno ku South Africa salandira mwana wa Literacy ku digiri ya uinjiniya. Ana ambiri aluso amagwera pamenepa.

Kamkwamba anamanga makina ake amphepo ku Wimbe, Kasungu, ndi dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi a PVC ndi mitengo ya bulugamu, nthawi imene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Koma mumuuzenso mwanayo kuti anabwerera m'kalasi: anaphunzira ku African Leadership Academy konkuno ku Johannesburg, n'kukamaliza ku Dartmouth mu 2014.

Pakhomo mugulireni multimeter (mita yoyezera magetsi), breadboard (kabolodi kolumikizirapo tizipangizo), ma LED (timababu ting'onoting'ono), ma resistor (tizipangizo tochepetsa karenti) ndi batire la 9V. Ntchito yoyamba ikhale kuyatsa LED yofiira. Iyo imadya pafupifupi 2V, choncho 7V yotsalayo iyenera kuthera pa resistor. Ya 470 ohm imapereka pafupifupi 15mA, yokwanira bwino. Akalumikiza popanda resistor, LED ipsa nthawi yomweyo. Ikakana kuyaka, atembenuze miyendo: wautaliwo upite ku +. Awerengere yekha papepala asanayeze ndi mita, chifukwa masamu aja amayamba kumveka pamenepo.

Cholakwika china chofala ndi kuyeza volteji waya wofiira wa mita ali m'bowo la 10A, lomwe ndi loyezera karenti. Zikatero mita imachita shoti, fyuzi n'kupsa. Ayang'ane bowo nthawi zonse asanagunditse.

Za 230V za pakhoma asakhudze, ndipo microwave yakufa musamupatse n'komwe. Capacitor yake imasunga magetsi otha kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Digiri ya ku Wits ndi ya zaka 4, kenako zaka zosachepera 3 pantchito asanalembetse ku ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya, ngati Pr Eng (injiniya wovomerezeka). Magiredi akapanda kukwana, koleji ya TVET (ya ntchito zamanja) ndi trade test (mayeso a umisiri) zimatulutsa amisiri a magetsi odalirika, ndipo ndi ntchito yolemekezeka. Mapepala ake okhalira m'dziko muno muwalongosole asanafike matric (Giredi 12), chifukwa polembetsa adzawafuna.