Mafunso ndi Mayankho: Ndalumikiza kebulo ya intaneti koma laputopu ikuchedwabe

FUNSO

Akonzi, ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi kusindikiza mapepala pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Wi-Fi itayamba kudukaduka ndinagula kebulo yochokera pa rauta kufika pa laputopu, chifukwa ndinamva kuti intaneti ya kebulo imathamanga. Laputopuyo ikuchedwabe, makamaka masana, moti makasitomala ofuna kutumiza makalata ofunsira ntchito amatopa n'kudikira. Rauta yanga ndi yoikamo simu khadi, ndipo laputopu ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ili ndi Windows 10 ndi RAM ya 4GB. Kodi ndigule bandulo yaikulu kapena laputopu ina?

Mayi wochita bizinesi, Salima

YANKHO

Mayi, musagule kaye chilichonse, chifukwa ndalama ya bizinesi yaing'ono imavuta kupeza ndipo pakadali pano simunadziwe chomwe chikudwala. Kebulo imagwira ntchito pakati pa rauta ndi laputopu basi. Popeza rauta yanu ndi ya simu khadi, intaneti ikufikabe kwa inu kudzera m'mlengalenga kuchokera pa nsanja ya netiweki, ndipo nsanjayo ikachulukiridwa ndi anthu nthawi ya masana, ngakhale kebulo yatsopano siingasinthe kanthu. Bandulo yaikulu nayonso kawirikawiri imangowonjezera kuchuluka kwa data, osati liwiro lake.

Yambani ndi kuyesa kosafuna ndalama. Pa nthawi imene vutolo lafika, zimitsani Wi-Fi ya pa laputopu kuti mutsimikize kuti ikudalira kebulo yokha, kenako tsegulani tsamba loyezera liwiro la intaneti, monga fast.com kapena Speedtest, ndipo mulembe nambala imene yatuluka. Mukatero tengani foni, muzimitse data yake, muilumikize ku Wi-Fi ya rauta yomweyo mutaima pafupi nayo, n'kuyesanso chimodzimodzi. Nambala zonse ziwiri zikakhala zotsika, vuto lili pa netiweki, ndipo chothandiza ndi kusunthira rauta pawindo kapena pamalo okwera, kuona ngati ena sakugwiritsa ntchito Wi-Fi yanu mobisa, ndi kufunsa kampani yanu ngati bandulo yanuyo imachepetsedwa liwiro mukafika pa mlingo wina. Koma foni ikamathamanga laputopu ikutsalira, musiyeni wa netiweki, vuto lili m'shopu momwemo. Powerenga nambalazo kumbukirani kuti zimalembedwa mu Mbps pamene mafayilo amayezedwa mu MB, ndipo 8 Mbps imakoka pafupifupi 1 MB pa sekondi imodzi.

Za kebulo sitichedwapo. Mu Settings, pa Network & Internet, tsegulani Properties ya Ethernet, komwe ndi kulumikiza kwa kebulo, ndipo muone pamene palembedwa Link speed. Pakakhala 1000 kapena 100 palibe chodetsa nkhawa, pakuti marauta ambiri a simu khadi sadutsa 100 ndipo liwiro limenelo n'lokwanira ntchito yanu. Pakakhala 10, kapena kulumikizana kukamaduka mukangogwedeza kebulo, ndiye kuti mwina timawaya tina mwa 8 tamkatimo taduka kapena kamutu kake kakhwepa. Izi zimachitika kebulo ikamapanidwa ndi chitseko kapena ikalumidwa ndi makoswe. Bwerekani ina ya mtundu wa Cat5e kapena Cat6 muyesere musanagule, ndipo muisinthenso bowo pa rauta.

Ineyo, malinga ndi mmene mwalongosolera, ndikukayikira kwambiri laputopu yeniyeniyo. Tsegulani Word kebulo mutaichotsa. Ikatenganso nthawi kuti itseguke, intaneti ilibe mlandu. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Performance ndipo muyang'ane Memory ndi Disk. Memory imeneyi ndiyo RAM, malo amene makina amasungamo kwakanthawi zimene akugwirapo ntchito, ndipo ya 4GB imadzaza msanga, chifukwa Windows yokha imatenga gawo lalikulu, ndipo mukawonjezera Chrome yokhala ndi masamba angapo, WhatsApp ya pa kompyuta ndi pulogalamu ya printer, malo amatha. Akatha, Windows imayamba kusungira zotsalazo pa disiki, ndipo ngati disikiyo ndi yakale ija yozungulira, yotchedwa HDD, mudzaona Disk itakakamira pa 100% kwa nthawi yaitali. Apa m'pamene tsamba limaoneka ngati likukanika kufika, chonsecho linafika kale koma makina akulephera kulionetsa. Anthu ambiri amakwiyira kampani ya netiweki pa vuto limeneli, ena mpaka kusintha simu khadi, koma osaona kusintha kulikonse.

Mukadali mu Task Manager, onani pa Processes mapulogalamu amene akudya netiweki inu osadziwa. Windows Update ndi OneDrive zimakoka ndi kutumiza mafayilo mwakachetechete, ndipo Windows imaganiza kuti intaneti ya kebulo ilibe malire. Pa Properties ya Ethernet pomwe paja pali Metered connection; mukaiyatsa, zambiri mwa zimenezi zimachepa ndipo bandulo yanu imakhalitsa. Mu Task Manager, pa Startup, zimitsani mapulogalamu amene simuwafuna kuti azidzuka limodzi ndi makina.

Mawu anu akuti vutoli limakula masana akundikumbutsanso kutentha kwa kuno kunyanja. Mu Okutobala ndi Novembala, m'shopu ya malata ku Salima mumatentha kwambiri, ndipo fumbi la m'mbali mwa msewu limatseka timabowo totulutsira mpweya. Purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa kompyuta, ikatentha mopitirira muyeso imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, choncho makina amene amayenda bwino m'mawa amatha kufooka dzuwa likafika pamutu. Mukamva fani ikulira kwambiri ndipo pansi pa laputopu pakuotcha, ikwezeni pang'ono kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, musaiike pa nsalu, ndipo mupite nayo kwa mmisiri akaipukute mkati ndi kusintha phala loziziritsa purosesa. Magetsi akathima laputopu n'kutsalira pa batire, Windows imachepetsanso mphamvu dala, ndiye poyesa zonsezi chaja ikhale pamagetsi. Dzinja likafika, muzizula kebulo ndi rauta kukayamba ziphaliwali, chifukwa mphezi imatha kuwononga bowo la Ethernet.

Ngati mwapeza kuti Memory ndi Disk n'zimene zikudzaza, ndalama yanu ipite ku SSD, disiki yamakono yosazungulira komanso yothamanga kwambiri, m'malo mwa disiki yakaleyo, ndiponso kukweza RAM kufika 8GB mmisiri akatsimikiza kuti laputopuyo ili ndi malo owonjezera. Zimenezi n'zotsika mtengo kuposa laputopu ina ndipo kusintha kwake kumaoneka tsiku lomwelo. Musanapereke makinawo, koperani mafayilo anu onse pamalo ena. Mmisiriyo mumufunsenso ngati laputopuyo ingalandire Windows 11, pakuti Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo m'shopu ngati yanu, momwe mafulashi a makasitomala amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, mavairasi sachedwa kulowa. Ikakhala kuti singalandire, SSD muiikebe kuti ntchito iziyenda, uku mukusunga pang'onopang'ono ndalama ya makina ena.