Makota a siliva a ku America: musawatsuke

Achimwene, mwati mwapeza makobiri a ku America a masenti 25 m'chitini cha malemu agogo, ambiri olembedwa 1964, ndiye mukufunsa ngati geni yake ilipo. Ilipo. Koma yambani mwaika pansi phulusa ndi mandimu mwatengazo. Wogula ku Joni akangoona timizere ta kukwecha, kobiri amalikankhira pambali n'kukulipirani kulemera kwa siliva basi. Osonkhanitsa amalifuna ndi kuda kwake komweko.

Kota, ndiye kobiri la masenti 25 limeneli, ya 1964 kutsika m'munsi ndi siliva magawo 90 pa 100, imalemera magalamu 6.25. Kuyambira 1965 anasiya kuikamo siliva, yatsopanoyo ndi magalamu 5.67 ndipo m'mphepete mwake mumaoneka mzere wofiira wa mkuwa. Ine ndimangoliponya patebulo, kulira kwake kwandiuza kale. Inu gulani kasikelo.

Za 1964 zanuzo musakongolere nazo njinga yamoto. Chaka chimenecho anasula zoposa biliyoni imodzi, ndiye mtengo wake umangotsata siliva wa tsikulo. Chimene anthu amapengera ndi kota ya 1932, chaka choyamba cha nkhope ya George Washington, yokhala ndi kachilembo kosonyeza kumene anaisula, kumbuyo, pansi pa chiwombankhanga: D wa ku Denver, anasula 436,800 zokha, kapena S wa ku San Francisco, 408,000. Yopanda chilembo ndi ya ku Philadelphia, imeneyo inachuluka.

Kachilembo kameneko kanatsala pang'ono kundigulitsitsa nyumba. Anandipeza bambo wina wovala bwino, tayi pakhosi, Baibulo m'khwapa, ati mzungu wa mishoni amene ankamuphikira anamusiyira kathumba popita kwawo. Makobiri a 1932, onse a D. Sikelo inavomera, maginito sanagwire, kulira kwake kwa siliva weniweni. Mpamba wanga unali utalowa kale m'mabulangete, ndiye ndinatenga katapila. Kufika ku Johannesburg, mkulu wa m'sitolo ya makobiri anaika kagalasi padiso, osayankhula kanthu, kenako anandipatsa kuti ndione ndekha. Kuzungulira D kunali kamzere kakuda, chilembocho chitakhala ngati chosanjikiza. Anachita kuwotcherera pa makobiri a ku Philadelphia. Siliva anali weniweni ndithu, n'chifukwa chake mayeso onse anadutsa. Anandilipira za siliva, ndalama yosakwana ngakhale chiwongoladzanja. Wakatapila ankabwera kunyumba m'mawa uliwonse, kukhala pakhonde, mayi akunyumba n'kumamuthirira tiyi. Bambo wa Baibulo uja foni yake inafa tsiku lomwelo. Ndinadzuka ndi mabulangete omwewo, ndipo lero palibe angandigulitse 1932 ndisanaione ndi galasi langa. Ku America okwera mtengowo amawatsekera m'kapulasitiki ka PCGS kapena NGC, makampani oyesa makobiri, atawayesa, koma nako akuba amakopera.

Nanga a pachipata! Pamalire ena, sinditchula, bwana wina anakhuthulira makobiri anga onse pasimenti, wina n'kumakanda limodzi ndi kiyi ati aone ngati ndi golide wopakidwa utoto. Kanda limodzi limenelo ladya theka la mtengo, iye akuseka. Pa mapepala awo sadziwa alembe ndalama, katundu kapena miyala ya mtengo wapatali, ndiye amangozunguliza nkhani mpaka kondakitala ayambe kukuwa, anthu m'basi akukutukwanani, kenako mumve kuti "ya fanta bwanji, akulu". Munthu wolandira malipiro a boma mwezi ndi mwezi! Muzinena nokha zimene mwanyamula asanafunse, lisiti likhale m'thumba la malaya, kobiri lililonse m'kapepala kake kuti asakhulane.

Mukaona m'chitinimo lina la mayi woimirira atagwira chishango, limenelo ndi la pakati pa 1916 ndi 1930. La 1916 anasula 52,000 zokha, koma pa oyambirirawo chaka chinkafufutika msanga, ndiye wina asakuuzeni kuti akuwerenga 1916 pamalo posalala. Dzina la sitolo imene ndimagulitsako ku Joni musandifunse, ndinaipeza ndi misozi. Jambulani makobiriwo kumbuyo, pamene pali chiwombankhanga, masana panja, munditumizire. Nkhope ya Washington ndinaiona kale.