Beetle ya bambo ikutentha pa msewu wa ku Monkey Bay

Funso: Ndikudzutsa Volkswagen Beetle 1600, galimoto yoyamba ya malemu bambo anga, kuti ndikaionetse kumene amasonkhana eni magalimoto akale. Koma ndikangochoka pa Mangochi Boma kulowera ku Monkey Bay, injini imatentha n'kufooka. Nditani? Wowerenga, Mangochi

Yankho: Achimwene, musaiyendetsenso choncho, mungaphe injini. Beetle ilibe radiator (choziziritsira injini ndi madzi), imazizira ndi mphepo ndi oyilo basi, ndiye dzuwa la kunyanja kuno limaipweteka. Dinani fan belt (lamba wozunguza fan yoziziritsa injini) ndi chala pakati: isatsike kupitirira masentimita 1.5. Kenako tcherani mpata wa mavalavu pa 0.15 mm injini itazizira, chifukwa akathina amapsa, makamaka pa silinda 3. Ambiri amaiwala labala wozungulira injini. Akang'ambika, fan imakoka mpweya wotentha wa ku ekizosi. Chotsani zisa za makoswe ngati zilimo m'njira ya mphepo yoziziritsa injini, tsukani sefa ya oyilo, thirani watsopano malita 2.5.